Nsomba Zanga ndi Kopa wa Apongozi

Zipani zambiri zitayamba, munthu aliyense anapeza pakamwa. M'minibasi anthu ankadzudzula boma mokweza, ku chigayo amayi ankatsutsana za mavoti, ndipo ana asukulu ndikawafunsa chifukwa chochedwera ankandiyankha kuti ndi demokalase. Ufulu wolankhulawu unafika paliponse m'mapiri a Ntchisi kupatula pakhomo limodzi, pomwe ine ndinali mkamwini.

Ndinali nditangokwatira kumene. Mwa mwambo wathu mwamuna ndiye amakakhala kwawo kwa mkazi, choncho ndinanyamula sutikesi, njinga ndi mabuku n'kukamanga kanyumba kuseri kwa nyumba ya apongozi, chakumtunda njira yopita ku Kasakula. Ntchito ndinkagwira kutali, pa sukulu ina ya pulaimale kufupi ndi Malomo. Ndinali mmodzi wa aphunzitsi aja anatilemba mothamanga sukulu itakhala yaulere, ana atasefukira mpaka pansi pa mitengo. M'mawa uliwonse ndinkapalasa zitunda zitatu, chachinayi n'kuchita kukankha, ndipo ndinkalowa m'kalasi malaya atamatirira kumsana.

Pa sukulupo panali nyumba imodzi ya aphunzitsi yopanda munthu, yamalata, ya zipinda ziwiri. Ahedi anati andisungira mpaka kutseka kwa temu, koma ndibwere ndi banja, chifukwa nyumba sankapatsa munthu wogona yekha. Kuti ndichotse mkazi wanga pamudzi pawo ndinayenera kupempha chitengwa, ndipo wovomereza anali atsibweni ake, mlongo wawo wa apongozi aakazi, amene anali mwini mbumba. Ankhoswe anga anali atakatula kale nkhaniyo. Yankho linabwera lakuti ayambe aona khalidwe langa. Ankhoswewo anandilangiza chinthu chimodzi chokha, kuti mpaka yankho lenileni litatuluka ndisatsutse munthu aliyense pamudzipo, ngakhale wina atanena kuti mbuzi yake yaikira mazira.

Pa katundu wanga panali chinthu china chimene mkamwini wanzeru akanachisiya kwawo. Ndisanayambe uphunzitsi ndinkatsuka mabotolo m'chipinda cha sayansi pa sekondale ina ya mishoni ku Dowa. Mayi wina wachizungu amene ankaphunzitsa kumeneko, pobwerera kwawo, anandisiyira bokosi lake la galasi losungiramo nsomba. Pansi pake panali mchenga, timiyala ndi udzu wa m'madzi. Munali tinsomba tisanu ndi tiwiri, kalikonse kosafika chala changa chaching'ono, tamichira yamitundumitundu. Munalinso nkhono zing'onozing'ono zimene ntchito yake inali kunyambita ndere pagalasi. Mayiwo anandipatsa malamulo atatu. Bokosi lisakhale padzuwa. Nsomba ndisazidyetse mopitirira. Lachitatu ananena atanyamula khobidi lofiira lija la tambala imodzi. Anati chilichonse chokhala ndi kopa chisalowemo, ngakhale kakhobidi ngati kameneko, chifukwa kopa amaphadi ndere, koma amayambira nkhono n'kumalizira nsomba, ndipo akalowerera mumchenga satulukamonso.

Nsombazo ndinkazikonda, ndisabise. Pamudzi pa eni ake, pomwe ngakhale mpando wokhalira unali wobwereka, izo zokha ndizo zinali zanga. Ndinaziika m'nyumba pakona yamthunzi, ndipo ndikabwera kusukulu nditatopa ndinkakhala pansi n'kumaziyang'ana mpaka mtima utatsika.

Ine ndi apongozi aakazi sitinkayang'anizana, monga mwa ulemu wake. Tikakumana panjira wina ankapatukira kutchire, ndipo kawirikawiri wopatuka ndinali ine, limodzi ndi njinga. Mawu athu onse ankadzera mwa mkazi wanga. Uthenga woyamba unali wofunsa kuti nsombazo zikula liti kuti tidzalaweko. Ndinabweza mwaulemu kuti sizikula, ndipo si zodya. Uthenga wachiwiri unali wofunsa kuti nanga akuziwetera chiyani. Ndinati n'zoyang'ana chabe. Apa mpamene ndinadzikola ndekha, chifukwa uthenga wachitatu unati ngati zili zoyang'ana, bwanji zabisidwa m'nyumba momwe akuziona yekha. Tsiku lomwelo bokosi linasamukira pakhonde la nyumba yaikulu. Khondelo linayang'ana kumadzulo, ndipo mwezi unali wa Okutobala.

Anthu anayamba kubwera. Lamulungu akatuluka m'tchalitchi ankadzera pakhomo pathu asanakavule n'komwe zovala za mapemphero, n'kukhala m'mizere pabwalo. Bokosilo ankalitcha kanema wa aphunzitsi. Posakhalitsa nsomba zinagawidwa m'zipani malinga ndi mtundu wa mchira, ndipo yachikasu ikathamangitsa yofiira pabwalo pankabuka mkangano woti munthu wodutsa akanaganiza kuti pali msonkhano. Aliyense ankafuna kuti ya chipani chake inenepe. Wina ankaponyamo gaga, wina nyenyeswa za chitumbuwa, ndipo gogo wina ndinamupeza akufinyiramo nthochi. Ine ndinkaima chapatali manja kumbuyo, n'kumamwetulira ngati munthu wa khalidwe.

Sipanathe masabata awiri, galasi lonse linabiriwira. Ndere inamera pamiyala, inakuta udzu, madzi n'kuoneka ngati msuzi wa chisoso. Nkhono zinayesetsa koma zinachepa. Mankhwala ake ndinkawadziwa ndipo anali osavuta: kubwezera bokosi pamthunzi, kuleka kuponyamo zakudya, kupukuta galasi ndi kansalu, n'kumasintha madzi pang'onopang'ono. Nditamuuza mkazi wanga anandiyang'ana ngati ndapenga. Anati ndikalichotsa pakhonde amayi ake ati ndine waumbombo, ndipo atsibweni, amene ankabwera sabata iliyonse kudzaona nsomba ya chipani chawo, amva kuti ndawathamangitsa. Anandikumbutsanso kuti temu yatsala pang'ono kutha. Iyenso nyumba yamalata ija ankailota, chifukwa anali atatopa kufunsidwa ndi amayi ake za mchere uliwonse umene wathira m'ndiwo.

Tsopano ndinene za apongozi aamuna. Anali munthu wamtali, woonda, wofatsa kwambiri, moti ukanatha kukhala pakhomopo sabata yathunthu osamva mawu awo. Nawonso anachita kubwera pamudzipo kudzakwatira, kalekale, kuchokera cha ku Dowa. Pabwalo akamakamba nkhani za mbumba iwo ankasema mpini kapena kuyang'ana nkhuku. Koma akatsikira kudimba, kunazale yawo ya fodya, ankasanduka munthu wina. Mbande zawo zinali zodziwika dera lonselo, ndipo alimi ankayenda mtunda kudzawafunsa nzeru. Chinsinsi chawo chinali kopa, ufa uja wobiriwira mobuluwira umene amapopera mbande kuti zisagwidwe chiwawu. Ankausunga m'chitini chotseka bwino kudenga. Muyezo wawo unali umodzi wosasintha, bokosi la machesi limodzi pa keni imodzi yothirira. Ankathira pa fodya, pa tomato, pa mabedi a nazale akachita ndere, ndipo ndinamva kuti tsiku lina anapakako pachilonda cha bulu. Pambuyo pa Mulungu, chimene ankachikhulupirira chinali chitini chimenecho.

Loweruka lina m'mawa atsibweni anabwera, n'kukhala pampando wawo pakhonde. Anasuzumira m'galasi, anapukuta ndi mkono wa jekete, anasuzumiranso, kenaka n'kudandaula kuti sakuona chilichonse. Anati chinthu chikakhala cha munthu wophunzira sichiyenera kuoneka ngati chithaphwi. Ndikufunafuna poyambira kuyankha, ndinamva mawu amene sindinawayembekezere.

"Aphunzitsi, matenda awa ine ndikuwadziwa."

Anali apongozi aamuna. Anali atatsika nacho kale chitini chija, ndipo nkhope yawo inkawala ngati ya munthu amene kwa nthawi yoyamba waitanidwa ndi dzina lake pamsonkhano. Anandifunsa kuti m'bokosimo mumalowa makeni angati. Ine, mphunzitsi wa masamu wa sitandade faifi, ndinayankha molondola kuti anayi. Anagwedeza mutu n'kunena kuti ndiye kuti mabokosi a machesi anayi.

Ndinayesa kuzemba mwa njira zonse zimene mkamwini amaloledwa. Ndinati nsombazi n'zachizungu, mwina sizingagwirizane ndi mankhwala athu. Anandiyankha modekha kuti kopanso ngwachizungu. Ndinati mwina tiyambe ndi pang'ono, kansonga ka mpeni chabe. Anati mankhwala operewera amangokwiyitsa matenda, ndipo alangizi amanena zimenezi chaka ndi chaka. Ndinati kapena tidikire dzuwa lizizire. Anati kopa amagwira bwino m'mawa. Mawu amene anatsala anali amodzi okha, oti Bambo musathire, muzipha. Ndinayang'ana atsibweni, ndipo ndinapeza akundiyang'ana kale, chibwano chili pandodo. Kukhitchini mkazi wanga anatsokomola kawiri, chifuwa alibe. Ndinaona nyumba yamalata, zitunda zinayi zija, ndi nkhope ya ankhoswe anga.

"Zikomo, Bambo," ndinatero.

Anayeza mosamala, akusalaza pamwamba pa bokosi la machesi ndi chala kuti muyezo usapitirire. Atathira lachinayi anathyola kamtengo, n'kukapala bwinobwino, kenaka n'kundipatsa ndi manja awiri. Anati katundu ngwanga, si bwino kuti wovundula akhale wina. Choncho ndinagwada pakhonde la apongozi anga n'kuvundula ndi dzanja langa, ndipo ndinavundula bwino, chifukwa anthu ankaona.

Madzi anasanduka abuluu, okongola kuposa kale lonse. Amene anali pabwalo anaomba m'manja. Atsibweni anati tsopano chayamba kuoneka ngati chinthu cha munthu wophunzira. Kenaka nkhono zinayamba kulekerera galasi, imodziimodzi, n'kumagwera pamchenga chagada. Wina atafunsa, apongozi anati zikupuma chifukwa ntchito yawo yagwiridwa ndi mankhwala. Pofika masana nsomba zonse zinali pamwamba, kukamwa kuli yasa, zikupuma mothamanga. Yachikasu ndiyo inayamba kugona cham'mbali. A chipani cha yofiira anaseka kwambiri, mmodzi mpaka anavina pang'ono, koma asanakhale pansi yawonso inatembenuza mimba. Dzuwa lisanalowe zonse zisanu ndi ziwiri zinali zitayandama, ndipo anthu anabalalika mwakachetechete, aliyense akukumbukira kuti anasiya ntchito kunyumba.

Uthenga wa apongozi aakazi sunachedwe. Unati popeza zafa zokha, kodi sizingakazingidwe ndi tomato kuti ana alaweko. Apa pokha ndinakana, ndipo mkazi wanga anakapereka kukanako mosasintha liwu, kuti zili ndi poizoni. Ndinazikulunga m'tsamba la nthochi n'kukazikwirira mozama kuseri kwa kanyumba kanga kuti nkhuku zisafukule. Madziwo ndinakataya kutali ndi chitsime. M'mawa mwake ndere yotsalira pamiyala inali itafa ndithu, itasanduka yakhofi, ikununkha. Kopa anali atagwira ntchito yake yonse monga mayi uja ananenera, mwa dongosolo lomwelo.

Ndinakwiya, ndipo ndinamva chisoni chimene ndinachita nacho manyazi, chifukwa mwamuna wamkulu salirira tinsomba tosakwana supuni. Apongozi aamuna sindinawakwiyire kwenikweni. Iwo anachita zimene ankadziwa. Wodziwa zoona ndinali ine, ndipo ndine ndinagwira kamtengo.

Lamulungu lonse apongozi aamuna sanaoneke pabwalo. Lolemba m'mawa ndikukankha njinga m'njira yodutsa kudimba, ndinawapeza atakhala pa keni yovundikira pakati pa mabedi a mbande. Anandikodola. Ndinaimika njinga n'kunjuta chapatali.

"Munkadziwa?" anafunsa.

"Ndinkadziwa, Bambo."

"Nanga osanena bwanji?"

Popeza kudimba kunalibe atsibweni, ndinanena kuti ndinkaopa kuononga nkhani ya chitengwa.

Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. Anazula kaudzu pakati pa mbande n'kuyamba kundiuza zimene mkazi wanga yemwe sankazidziwa. Anati nawonso anapempha chitengwa, chaka chimene mkazi wangayo anabadwa. Kwawo ku Dowa anali ataumba kale njerwa, atadzala mango asanu pamalo pomwe ankafuna kumanga. Anawayankha kuti ayambe aona khalidwe lawo. Ndiye anaonetsa khalidwe. Sanatsutse munthu, sanakweze mawu, anafolera nkhokwe za mudzi wonse, analima mpaka minda ya azilamu awo. Chaka chinatha, china chinatha. Atakumbutsa, anauzidwa kuti mkamwini wabwino chotere sangamulole kuchoka, mudzi ungagwe. Njerwa zija zinasungunuka ndi mvula. Mango aja akubereka mpaka lero, akudya ndi ana a anthu ena.

Anandiuza kuti ndizipita ndingachedwe kusukulu. Ndikukwera chitunda choyamba ndinazindikira kuti ndakhala miyezi yonseyi ndikuphunzira mwakhama kukhala iwowo, ndipo maphunzirowo ankandiyendera bwino.

Lamulungu lotsatira atsibweni anabwera monga mwa chizolowezi, ngakhale panalibenso choti aone. Bokosi linali pakhonde pomwepo, louma, muli mchenga wokhawokha. Anakhala pampando wawo n'kuyamba kukamba za mvula imene inkachedwa. Ine ndinali pambali ndikumata chubu cha njinga. Apongozi aakazi ankapeta chimanga kuseri kwa nkhokwe, pomwe ankamva zonse osaoneka. Apongozi aamuna anasiya mpini umene ankasema, anaimirira, n'kukaima patsogolo pa mwini mbumba.

"Alamu, mwanayu mumulole atenge mkazi wake azipita."

Atsibweni anatembenuka kuyang'ana kumbuyo, ngati kuti walankhula ndi munthu wina. Kenaka anakonza kukhosi n'kunena kuti nkhaniyo ili m'manja mwa eni ake, ndipo khalidwe la mnyamatayu likuoneka labwino ndithu, moti palibe chifukwa chothamangira.

"N'chimene ndikunenera," anatero apongozi. "Anandiona ndikumuphera ziweto zake n'kundiuza kuti zikomo. Akakhala pano chaka china adzakhala ngati ine. Wotere pakhomo pano mmodzi akukwana."

Kuseri kwa nkhokwe lichero linasiya kulira. Zaka zonsezo atsibweni anali asanatsutsidwepo ndi mlamu wawoyo, ndipo ndikhulupirira kuti sankadziwa n'komwe kuti mawu ake amamveka bwanji akatalika. Ananyamuka osatsazika. Masabata awiri otsatira pamudzi panali kunong'onezana ndi kutumizana mauthenga, apongozi aakazi anadwala mutu masiku atatu, ndipo apongozi aamuna anadya okha kudimba kangapo. Koma ankhoswe anga anaitanidwa temu isanatseke, ndipo anabwerako akupukusa mutu, akuti sanaonepo mkamwini wopata chitengwa chifukwa chofatsa mopitirira muyezo.

Tinasamuka pa ngolo, ndipo woyendetsa anali apongozi aamuna eni ake. Bokosi la galasi analikulunga m'bulangete lawo n'kuliika pakati pa matumba kuti lisasweke. Ndinadzayesa pambuyo pake kuwetamonso. Ndinataya mchenga wakale, ndinatsuka kambirimbiri, ndinakatola nkhono kumtsinje kuti ndiyesere, koma sizinkatha masiku atatu. Mkazi wanga analanda bokosilo n'kumasungiramo makapu a alendo.

Titafika pa sukulu tsiku losamukalo, apongozi anatsitsa katundu yense osalola kuti ndiwathandize. Atamaliza analowa m'nyumbamo. Anayenda chipinda choyamba, anayenda chachiwiri, anagogoda khoma, anayang'ana malata nthawi yaitali. Anatenga kiyi pachitseko, anatseka, anatsegula, anatsekanso, kenaka n'kundipatsa m'manja. Mkazi wanga anawapempha kuti adikire tiyi koma anati ng'ombe zatopa ndipo mbande sizinathiriridwe.

Atakwera kale pangolo anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa bokosi la machesi lomangidwa ndi luzi. M'mbali mwake munkatuluka ufa wabuluu.

"Uyu ngwa tomato," anatero. "Wina akadzafuna kuthira pena, mudzamukanize. Ngakhale ndikhale ine."

Anakwapula ng'ombe n'kutembenukira njira ya kumapiri, kubwerera kumudzi kwa akazi awo. Anakhala komweko zaka zina khumi ndi ziwiri, ndipo manda awo ali komweko.